Mayi a ku Japan Okana Kusamalidwa

Zaka zija za m'ma 2000 ndinkayendetsa kabasi konyamula okalamba ku Wheaton, ku America. M'mawa ndinkazungulira m'makomo kuwatenga n'kukawatula kumalo kumene ankaswera, ndipo dzuwa likapendeka ndinkawabweza. Kumaloko ankadya, kumwa mankhwala, kuwongola miyendo ndi kulimbirana mpando wa pafupi ndi zenera. Ambiri anali a ku China, angapo a ku Philippines, ndipo mayi mmodzi yekha anali wa ku Japan. Ine wa ku Machinga, amene ndisanakwere ndege ndinkayesa kuti anthu onsewa ndi mtundu umodzi, ndinaphunzira sabata yoyamba yomwe kuti kuwasakaniza n'kudziputira mlandu.

Msewu sunkandisangalatsa. Chimene chinkandikoka mtima chinali pakhomo. Ukamatenga nkhalamba tsiku ndi tsiku umaona mmene banja limaperekera kholo lake ndi mmene limalilandirira, ndipo ine maso anga satopa ndi za eni. Mkazi wanga amati ndikanakhala nkhuku ndikanafa kalekale ndi kutola zilizonse.

Panali nyumba ina ya anthu a ku Philippines, ya zipinda zitatu basi, koma nsapato pakhomo pake zinkachuluka ngati pa mzikiti tsiku Lachisanu. Ndikabweza bambo okalamba a pamenepo, aliyense amene anali m'nyumba ankatuluka, kugwira dzanja lawo, kuwerama n'kuligunditsa pachipumi pake. Ngakhale mwana wawo wamkulu, munthu wa imvi ndi mimba yake, ankachita zomwezo. Tsiku loyamba ndinayesa bambowo akuyeza ana awo malungo. Nesi wa kuntchito kwathu, amene nayenso anali wa ku Philippines, anandiseka n'kundiuza kuti kumeneko n'kupempha madalitso, ndipo mwana wodutsa kholo osatero ndi wosaleredwa.

Mpando wa kutsogolo, pafupi ndi ine, unali wa bambo ena a ku China amene kwawo anali aphunzitsi a masamu. Palibe anawapatsa mpandowo, anangoutenga. M'mawa uliwonse mwana wawo wamwamuna ankawatulutsa akuwakalipira m'chinenero chawo, kuwakoka zipi ya jekete mpaka pachibwano, n'kuwakankhira fulasiki ya madzi otentha m'manja. Sindinawaonepo akusekererana. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa ngati panyumba pali mtendere.

Aphunzitsi anandiyang'ana ngati ndalephera samu yophweka. Anati, “Akunena kuti ndavala malaya opyapyala. Tsiku limene adzasiye kundikalipira, mudzadziwe kuti wasiya kundiwerengera.”

Koma khomo limene linkandizunguza mutu linali la mayi a ku Japan aja. Ankakhala okha m'kanyumba ka njerwa, zaka zawo zitapitirira makumi asanu ndi atatu. Anabwera kuno ali mtsikana, atakwatiwa ndi msilikali wachizungu, ndipo mwamunayo anamwalira kalekale. Sindinawaimbirepo hutala. Nthawi zonse ndinkawapeza ataima kale pakhomo, tsitsi atapesa bwinobwino, kachikwama m'manja. Ankawerama n'kundipepesa kuti andivutitsa, ngati kuti ndabwera kudzawatenga mwaulere. Mwana anali naye mmodzi, wamwamuna, wokhala ku Manassas ndi banja lake. Ndikamva zimenezo mtima unkandipsa. Munthu uli ndi nyumba ndi galimoto, mayi ako n'kumagona okha ngati analibe mimba yobereka?

M'mawa wina ndinawapeza ataima pakhomo monga mwa masiku onse, koma kumapazi atavala masilipasi a m'nyumba. Kwa munthu wina si nkhani. Koma awa anali mayi amene nsapato za panja ndi za m'nyumba sankalola kuti zigundane. Nditawalozera, anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako analowa n'kukasintha.

Patapita masiku ochepa ndinamva fungo la zopserera ndili pamasitepe. Iwo anali pakhomo, akumwetulira, osamva kanthu. Ndinavula nsapato n'kuthamangira kukhitchini. Kapoto kanali pasitovu, moto ukuyaka, mpunga utasanduka makala, chogwirira chikusungunuka. Nditazimitsa ndi kutsegula mazenera ndi pamene ndinaona kakabati kakang'ono pabalaza. M'kati mwake munali chithunzi cha amuna awo atavala zausilikali, kakapu ka tiyi ndi kambale kakang'ono kopanda kanthu. Anandiuza kuti m'mawa uliwonse amawaikira mpunga watsopano n'kuwafotokozera za tsikulo. Monga Msilamu ndinali ndi maganizo anga pa zopatsa chakudya akufa, koma ndinawasunga m'mimba. Chimene chinandigwira n'chakuti mzungu uja, zaka zonsezi chimwalirireni, anali asanadumphitsidwepo kadzutsa.

Lamulo la kuntchito linali lomveka: dalaivala akaona chachilendo pa nkhalamba, auze nesi tsiku lomwelo. Mayiwo ankalidziwa. Anaima pakati pa balaza, anaika manja onse patsogolo n'kuwerama mpaka ndinaona pamwamba pa mutu wawo.

“Chonde musauze munthu,” anatero. “Mwana wanga akamva adzanditenga. Ndikufuna kukhala m'nyumba muno.”

“Mayi, si zabwino zimenezo? Mwana akutengeni akusamaleni.”

“Ndikawalemetsa. Chonde.”

Munthu wamkulu chonchija akakuweramira, umakana bwanji? Ndinalonjeza. Kuyambira tsiku limenelo m'mawa uliwonse ndinkavula nsapato, kulowa, kugwira sitovu, kuyang'ana mipopi, kenako ulendo. Masiku ena ndinkapeza zonse zili bwino. Masiku ena moto ukuyaka pansi pa ketulo youma. Ndinkazimitsa, iwo n'kuwerama, ine n'kuvala nsapato, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma masana ndikawasiya, chitseko chikatsekeka, ndinkayenda ndi mtima uli m'mwamba mpaka m'mawa.

Lamlungu lina masana ndinaulula kwa mkazi wanga kunyumba kwathu ku Hyattsville. Iye anasiya kupinda zovala.

“Inu bambo, ntchito yanu ndi ya driving. Kodi mwayamba liti u-social worker? Nyumba ija ikapsa adzati ndani ankadziwa? Pangani report mawa, basi.”

“Ndinalonjeza.”

“Munalonjeza sitovu kapena munthu?”

Sindinamumvere, koma mawa lake ndinapita kwa nesi uja mozungulira. Anali mayi wansangala, wonditchula ndi mawu a kwawo otanthauza achimwene ngakhale tinali a msinkhu umodzi. Ndinamufunsa ngati nkhani wamba kuti kodi kwawo kholo likakana kupita kwa mwana amatani.

“Kwathu kholo silifunsidwa, achimwene,” anatero akuwerenga mapilitsi. “Mayi anga ndinangowanyamula. Amagona chipinda chimodzi ndi mwana wanga wamkazi, amakangana tsiku lililonse, ndipo onse akunenepa. Kwathu chamanyazi n'kukhala wekha.” Kenako anasiya mapilitsi n'kundiyang'ana. “Koma si onse ali ngati ife. Alipo ena amene chamanyazi kwa iwo n'kuoneka kuti akuvutitsa munthu, makamaka pamaso pa anthu. Ngati mukunena za amene ndikuwaganizirawo, ndiuzeni. Tiitana mwana wawo muofesi muno, titseke chitseko, tikambe pang'onopang'ono, iwo asachite manyazi.”

“Ayi, ndimangofunsa,” ndinatero.

Mankhwala anandipatsa m'manja, ine n'kuwataya. Paja amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, n'kuyankhidwa, n'kudyabe phulalo.

Aphunzitsi a kumpando wa kutsogolo nawonso sanali akhungu. Ankayang'ana wotchi ndikalowa m'nyumba muja, ndipo tsiku lina nditabwerera ndikununkha utsi anagwedeza mutu. Anandinong'oneza kuti mayiwo asamve kumbuyo: “Mwana timamulera kuti adzatigwire mkono tikakalamba. Kwathu mwana wotere anthu a m'mudzi samupatsa moni. Ndipo kholo lokana kusamalidwa likulakwira mwana wake, likumuchititsa manyazi.” Mbali yachiwiriyo sindinaimvetse panthawiyo. Ndinangotola yoyamba, chifukwa inagwirizana ndi zimene zinali kale m'mtima mwanga.

Zinafika pachimake nyengo imene masamba amathothoka. M'mawa wa tsikulo ndinapeza kansalu kopukutira mbale katapsa theka, katagwera pansi pafupi ndi katani. Tsiku lonse ndinayendetsa basi ndikutukutira. Masana nditafika pakhomo pawo ndinaona galimoto yachilendo, ndipo bambo wina wamtali, wa imvi m'mbali, ankasesa masamba pabwalo. Mayi anamwetulira n'kunena kuti ndi mwana wawo.

Kwathu mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ukaona munthu akutaya kholo suyembekezera kuitanidwa, umamudzudzula pomwepo, ndipo anthu akamamvera m'pamene mawu amalowa bwino. Ndinatsitsa mayi, ndinasiya chitseko cha basi chotsegula, n'kulunjika kwa bamboyo. Sindinaganizeko n'komwe kuti ndi wamkulu kwa ine.

Ndinalavula zakukhosi. Ndinamuuza kuti masamba si amene anamubereka. Ndinamuuza za kapoto, za ketulo, za kansalu, za masilipasi. Ndinati mayi ake adzapsera m'nyumba iye akuonera mpira ku Manassas, ndipo kwathu munthu wotere timamuyesa mfiti. Chizungu changa chikatentha chimathamanga, ndipo tsiku limenelo chinamveka msewu wonse. M'basi nkhope zonse zinali pamazenera.

Bamboyo sanakweze mawu. Anatsamiritsa chosesera pamtengo n'kudikira kuti ndimalize.

“Kunyumba kwanga kuli chipinda chawo,” anatero. “Chapansi, chopanda masitepe, chili ndi bafa lake. Chakhala chikuwadikira zaka zitatu. Mkazi wanga wachipenta kawiri chifukwa ankaganiza kuti mwina mtundu ndi umene sunawasangalatse. Loweruka lililonse ndimabwera, ndimapempha, amandiphikira chakudya n'kundiuza kuti ndiyende bwino.” Kenako anandiyang'ana. “Za sitovu sindimadziwa. Zayamba liti?”

“Masabata asanu apitawa.”

“Ndipo inu mwakhala mukudziwa masabata asanu onsewo?”

Ndinavomera ndi mutu.

Nditatembenuka ndinaona mayi ataima pamene ndinawasiya, kachikwama m'manja. Sanandiyang'ane ine, sanayang'anenso mwana wawo. Anatembenukira kubasi, kwa anzawo onse aja amene anamva kuti amaiwala poto pamoto, n'kuwerama, n'kupepesa kuti awachedwetsa. Kenako anakwera masitepe pang'onopang'ono n'kutseka chitseko. Ulendo wotsalawo ngakhale aphunzitsi sanayang'ane wotchi.

Mawa lake bwana anandiitana, ndipo zimene anandiuza ndinaziyenera zonse. Nesi sanandikalipire, anangoti, “Achimwene, ndinakuuzani za chitseko.” Zimenezo zinandipweteka kuposa za bwana. Mayi sanabwere sabata yonse. Mwana wawo ankagona komweko, sitovu anaichotsa, dokotala anawayeza, ndipo zinagamulidwa kuti asamukira ku Manassas. Ndinkadutsa pakhomo pawo m'mawa osaima, manyazi akundidya. Ndinkadziuza kuti mwina ndawapulumutsa ku moto. Mwina ndi zoona. Koma chinthu chimodzi chimene anandipempha ndinachiswa, ndipo ndinachiswera pagulu.

Lachisanu lomaliza anabwera kudzatsanzika anzawo. Anagawira aliyense timaswiti tokulungidwa bwino m'pepala, ndipo ine anandipatsa chimodzimodzi ndi ena, osachepetsa. Masana ndinasintha njira mwadala kuti akhale omaliza kutsika. Titatsala awiri m'basi ndinapepesa, maso ali pamsewu, chifukwa kuwayang'ana sindikanatha.

Tinadutsa maloboti awiri. Ndinayesa kuti sanamve, kapena aiwala kuti ndine yani. Kenako analankhula, mawu awo ali omveka bwino kuposa masiku onse.

“Inu munaganiza kuti mwana wanga ndi woipa. Si woipa. Ine ndinachoka kwathu ndili wamng'ono, mayi anga akadali ndi mphamvu. Atakalamba anagona pamphasa zaka zambiri. Amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa anali mkazi wa mchimwene wanga, mwana wa eni. Ine ndinkatumiza makalata ndi majuzi. Ndinapita atamwalira kale.” Anakonza kachikwama pamiyendo. “Mlamu wangayo anandilandira bwino, anandiphikira, sananene kanthu. Manja ake anali osweka. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziuza kuti ine sindidzalola mwana wa munthu wina kundisambitsa. Sindinasambitsepo wanga.”

Miyezi yonseyi ndinkafufuza kuti mtundu wawo ndi wotani, pamene nkhani inali ya manja a mayi mmodzi amene sindidzamuona.

“Mayi anu alipo?” anandifunsa.

“Alipo, kumudzi. Miyendo inawakana.”

“Amawasambitsa ndani?”

“Mlongo wanga wamng'ono.”

“Mukaimba foni mumalankhula naye zotani?”

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinali kuno, ndikugula makhadi a foni Lamlungu lililonse, ndikudzitama kuti ndine mwana wokumbukira kwawo. Ndipo mlongo wanga akayankha, mawu anga anali amodzimodzi: muli bwanji kumeneko, wapatse foni amayi.

Mayi sanadikire yankho. Tinali titafika. Pabwalo panali galimoto yodzaza makatoni, ndipo mpongozi wawo, mayi wachizungu wamtali, anathamangira kubasi kudzawagwira mkono. Ndinaona mkono wawo ukuuma kaye, kenako anaupereka. Anatsika osacheuka.

Lamlungu ndinaimba kumudzi. Mlongo wanga anayankha akupuma mwawefuwefu, kumbuyo kukumveka chidebe.

“Achimwene, dikirani pang'ono, ndangowasambitsa kumene. Ndiwaveke kaye ndiwapatse.”

“Usawapatse,” ndinatero. “Lero ndikufuna iweyo. Uli bwanji?”

Ndinamva chidebe chija chikuikidwa pansi. Kenako anafunsa motsitsa mawu, ndi mantha enieni.

“Achimwene, kwagwanji kumeneko? Mwadwala?”